Basi ya ku Kobwe

Samson anali atasenza benchi kuti aibweze kutchalitchi pamene anawaona ataima pansi pa mtengo wa mango wa pabwalo. Anali asanu ndi atatu, onse a imvi, ena atavala nsapato za matayala, ena zansalu zobooka kuzala. Sanapite pamphasa monga amachitira anthu odzapepesa maliro. Anangoima, maso ali pachitseko.

"Lero ndi Lachiwiri," anatero amayi ake, a Keziah, ali pakhonde. "Miyendo yawabweretsa yokha."

Samson anatula benchi ija. Atate ake, a Cyprian, anali atagona m'manda a ku Khuyu masiku anayi. Iye anafika pachilumba cha kwawocho pa sitima ya pamadzi Loweruka kuchokera ku Lilongwe, kumene ankagwira ntchito ya ukalaliki, napeza manda atakwiriridwa kale, nkhata zamaluwa zitayamba kufota. Anaima pamandapo nthawi yoyenera, koma misozi sinabwere. Munthu amene anagona pamenepo sankamudziwa kwenikweni. A Cyprian anagwira ntchito ya njanji ku Mutare zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, nkumabwera kumudzi kamodzi pa zaka zitatu ndi sutikesi yamalata. Pamene anabwerera kwathunthu, Samson anali atachoka kale pachilumba.

Za gulu la oyendali ankangozimva m'makalata a amayi ake. Adokotala atawauza a Cyprian kuti magazi awo akuthamanga ndipo azilimbitsa thupi, anayamba kuyenda Lachiwiri lililonse kuchoka ku Khuyu, kudzera ku Chipyela, kukafika ku Mbungo ndi kubwerako. Anthu ankawaseka poyamba. Pachilumba pomwe aliyense amayenda pansi, munthu nkumayenda wopanda kopita? Koma okalamba ena anayamba kuwatsatira mmodzimmodzi, mpaka gulu linakula.

Mmodzi wa iwo, a Jeremiah, amene anali mphunzitsi kale, anavula chipewa nasendera pafupi ndi khonde.

"Pepani, amayi, sitinabwere kudzayenda. Tabwera kudzafunsa za Lachisanu. Bwato tinalankhula nalo kale, kalata ya kupolisi yowolokera ku Kobwe malemu anaitenga. Koma ife sitinganyamuke eni maliro asananene."

A Cyril, mng'ono wawo wa malemu, anali pampando wandalema cha kumbali kwa nyumba. Anatsitsa wailesi.

"Ulendo wokasangalala, mnzanu sabata isanathe m'manda? Anthu adzati chiyani?"

"Nchifukwa chake tafunsa," anayankha a Jeremiah. "Ulendowu anauyambitsa ndi iwo omwe. Ankati ku Mutare mpingo wawo unkakwera basi tsiku limodzi pa chaka kupita ku Beira kukaona nyanja yamchere, madzulo nkubwerako. Nkhondo ya kutsidya itangotha anati nafenso tikwere basi yathu. Tinali khumi pamodzi ndi iwo. Tsopano tatsala asanu ndi anayi, kuwerengera a Dinah a ku Mbungo."

A Cyril anakanda chibwano, nayang'ana nkhuku zimene zinkatola zotsalira pabwalo.

"A Dinah nawonso akuwoloka?"

"Akuti akaone kwawo. Zaka zisanu ndi ziwiri asanapondeko."

"Ngati malemu anakonza, ife ndife yani kuti tiletse?" anatero a Cyril. "Pitani."

Masana a tsiku lomwelo a Cyril anamuitanira Samson kuseri kwa khola la mbuzi. Anayamba ndi zakutali, za mvula ndi za ng'ombe ya pamaliro, kenako anafika pamutu wa nkhani. Munda wa ku Mbungo, umene a Dinah ankalimamo chinangwa ndi kukhalamo m'kanyumba kaudzu, unali wa amayi awo a Cyril ndi a Cyprian. Malemu anaupereka kwa mayi wothawa nkhondoyo osafunsa munthu aliyense. Tsopano mwana wamkazi wa a Cyril anali atakwatiwa, ndipo pachilumba cha miyalachi panalibe pena poti banja latsopano lilimepo.

"Sindine munthu woipa, iwe Samson. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala duu chifukwa cha achimwene. Koma mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Nkhondo yatha, anzake onse akubwerera. Ukwere bwatolo m'malo mwa atate ako. Mukafika kutsidya umuuze mwaulemu kuti akhale konko ndi abale ake. Katundu wake tidzamutumizira."

"Bwanji osawauza nokha, atate aang'ono?"

"Ine ndikanena adzati nkhanza. Iwe ndiwe mwana wa amene anampatsa."

Samson anavomera. Sitima yake inali Loweruka, ndipo ankafuna kuti pochoka asasiye nkhani yolendewera.

Amayi ake anawapeza akusoka batani pamalaya oyera a malemu. Anawafotokozera zonse. A Keziah anaduladula ulusi ndi mano, osakweza mutu.

"Munda ndi wa kwa atate ako. Ine ndilibepo pakamwa."

"Koma inu mukuona bwanji?"

"Ndikuona kuti malaya ako a m'tauniwo sayenera ulendo. Vala awa." Anamupatsa. "Malo a atate ako m'bwatomo asapite opanda munthu."

Lachisanu kutacha anakumana padoko la ku Chipyela. Bwatolo linali lamatabwa, la injini, ndipo pambali pake wina anali atalembapo ndi laimu mawu akuti BASI YA KU KOBWE. A Jeremiah anaima pamchenga akukuwa ngati kondakitala, "Kobwe, Kobwe, malo alipo!" Okalamba aja anaseka, kenako anakumbukira maliro nasiya kuseka, kenako anayambiranso. Anakweza madengu a chinangwa chophika, nsomba zootcha ndi chigubu cha thobwa.

A Dinah anafika pomalizira. Anali mayi wamfupi, wowonda, wovala mpango wabuluu umene anaugwetsera kumaso ngati woopa dzuwa. Anayenda m'madzi akukhudza mbali ya bwato ndi dzanja mpaka pokwerera. Atamva kuti amene wawakokera m'bwato ndi mwana wa a Cyprian, anagwira dzanja lake ndi manja awiri kwa kanthawi, nakhala pansi.

Nyanja inali bata. Anaimba nyimbo ziwiri za m'buku, yachitatu anaisiya pakati chifukwa amene ankaiyambitsa anali malemu ndipo panalibe wina wodziwa ndime yachiwiri. Mapiri a kutsidya anayamba kukula, mitengo kuoneka umodziumodzi. Samson ankabwereza mumtima mawu oti akanene. Anawakonza ngati kalata ya kuofesi: kuthokoza, kufotokoza, kupepesa.

Ku Kobwe anapeza tauni yopanda phokoso. Tchalitchi chachikulu cha pamtunda chinali chopanda denga, m'mazenera mukutuluka mbalame. Masitolo anali zipupa zokhazokha, koma pansi pa mtengo amayi atatu anali atayala timilu ta tomato ndi mchere. Msilikali wina wachinyamata anawerenga kalata ya a Jeremiah, naibweza.

"Yendani bwino, agogo. Koma pondani pomwe paponda anzanu. Musapatuke m'njira ngakhale pofuna kutaya madzi. M'tchiremu mudakali mabomba okwirira."

Anazungulira tchalitchi chija, a Jeremiah akufotokoza mmene chinalili kale, ena akutsutsa. Kenako anagwira njira ya m'mbali mwa nyanja yopita kumudzi kwa a Dinah, ulendo wa ola limodzi. Njirayo inali yopapatiza, udzu wofika m'chiuno mbali zonse. Okalamba aja ankayenda mwamphamvu kuposa mmene Samson ankaganizira. Anandandalika mmodzimmodzi, akukangana za mtengo wa maukonde, ndipo posakhalitsa mawu awo anayamba kumveka patali.

A Dinah anatsalira kumbuyo. Samson anaona kuti mwayi wake ndi umenewu, nayenda pang'onopang'ono pambuyo pawo. Anatsokomola kuti ayambe kulankhula. Nthawi yomweyo njira inakhotera kumanzere kupewa mwala, koma mayiyo anangopitirira molunjika. Phazi limodzi linalowa m'udzu, lachiwiri linanyamuka kuti litsatire.

Samson anawagwira pamkono nawakokera m'njira mwamphamvu, mpango uja nkugwera paphewa. Apo ndi pomwe anawaona maso. Onse awiri anali oyera ngati madzi otsukira mpunga.

"Amayi, simukuona?"

A Dinah anabweza mpango kumutu.

"Ndimaona kuwala ndi mdima. Chinthu choyera chikakhala pafupi ndimachiona."

"Kuyambira liti?"

"Chaka chino nchachitatu."

"Anzanuwa akudziwa?"

"Analipo mmodzi." Anachotsa dzanja la Samson pamkono pawo. "Musandigwire, mwananga. Akacheuka aona. Zikamveka ku Khuyu adzati wakhungu munda ngwachiyani. Pitani patsogolo, pafupi. Malaya anuwo ndiwaona."

Anayenda chomwecho, Samson patsogolo, akumva kupuma kwa mayiyo pamsana pake. Njira ikakhota ankachepetsa liwiro. Thukuta linamuyenderera m'khosi, ndipo mawu amene anawakonza m'bwato muja sanathe kuwapeza poyambira.

Anawapeza anzawo atakhala pamalo osesedwa pansi pa mlambe, atatsegula kale madengu. Mudzi unali pomwepo, ngati nkoyenera kuutcha mudzi: timisasa tinayi tatsopano, ndi milu ya dothi yomera zitsamba pomwe panali nyumba kale. Mayi wina wobereka mwana anatuluka kudzapereka moni. A Dinah anamufunsa maina, limodzilimodzi. Mlongo wawo. Mwana wa mlongo wawo. Mphunzitsi wa mpingo. Mayiyo ankangopukusa mutu. Iye anali wa kumapiri, anafika miyezi itatu yapitayo, ndipo sanapezepo munthu. Za manda anati ali kuseri kwa chulu, koma palibe amene wapondako, ndipo asilikali analetsa.

Wina anawapatsa a Dinah thobwa m'kapu, iwo analandira naika pansi. Kenako anaimirira, nayenda masitepe angapo kuchoka pamlambe paja, dzanja lili patsinde mpaka pomwe linalekera.

"A Samson, tabwerani. Kuchokera pamtengo uwu, kuyang'ana kuphiri, mukuonapo chiyani?"

Samson anaima pambali pawo. Anatsitsa mawu kuti ena asamve.

"Pali mulu wa dothi. Pamera mtengo wa nsatsi."

"Kumanja kwake?"

"Mtondo wosinjira, wagwa chammbali. Wang'ambika pakati."

"Panali mtengo wa mandimu."

"Chitsa chilipo. Chapsa, koma chaphuka pansi."

A Dinah anagwedeza mutu ngati munthu amene akumva uthenga wa kwa eni ake. Anakhala choimirira nthawi yaitali. Kumbuyo kwawo anthu anayambiranso kudya, kulankhula motsitsa.

"Amuna anga anawapha pakhomo pomwepo," anatero pomaliza. "Ine ndinali kunyanja kotsuka mbale. Ndinakwera bwato la munthu wosamudziwa ndi mbale m'manja. Ku Mbungo ndinagona pamchenga masiku atatu. Atate anu anandipeza Lachiwiri, akuyenda ulendo wawo uja. Sanandifunse zambiri. Anangoti, ‘Mumadziwa kubzala chinangwa?’"

Samson anayang'ana chitsa cha mandimu chija.

"Ndikudziwa chimene akutumani a Cyril," anapitiriza mayiyo. "Pachilumba mawu sagona. Nenani, musaope. Munda ndi wawo. Mwana wawo akufunika polima, zimenezo nzoona. Ine ndinanyamula zovala zanga m'kathumba aka kuti musavutike ndi kutumiza."

Apo ndi pomwe Samson anazindikira kuti kathumba kamene mayiyo anakamangirira m'chiuno sikanali ka chakudya. Anayang'ana timisasa tija, mayi wachilendo uja akuyamwitsa mwana, udzu wautali wozungulira malowo mbali zonse. Anaganiza za munthu wosaona akudzuka m'mawa pamalo amenewa kufuna nkhuni.

"Chinangwa chanu chakhwima?" anafunsa.

"Ayi. Mpaka mwezi wa Okutobala."

"Ndiye mungachisiyire yani?"

"Nanga chikadzakhwima?"

"Mudzabzala china."

A Dinah anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawu ake.

"Inu mawa mukwera sitima. A Cyril atsala."

"Sitima imabwera sabata iliyonse. Ya mawayi ipite." Anacheukira kunyanja. "Mundawo ndi waukulu, ndinauona ndili mwana. Tikhala pansi ndi atate aang'ono, tiupime, mwana wawo apeze pake, inu mutsale ndi panu ndi nyumba yanu. Akakana, ndikawauza kuti ndinafuna pokusiyani koma sindinapapeze. Adzabwere okha adzakusiyeni pano."

Mayiyo sanathokoze. Anawerama, napapasa pansi, natola kadothi ka pamalopo, nakamanga pangodya ya nsalu yawo.

Dzuwa litapendeka a Jeremiah anaimirira, nakuntha fumbi pathalauza. "Basi imanyamuka folo koloko, okwera onse!" Gulu linasonkhanitsa madengu, kutsanzika mayi wa mwana uja ndi kumusiyira nsomba zotsala, nkulowa m'njira mmodzimmodzi monga pobwera.

Pobwerera dzuwa linali kumaso. Asanayende patali a Dinah anaima.

"Kuwalaku kwandimeza. Malaya anu sindikuwaonanso."

Samson anacheuka. Anzawo anali atapita kale patsogolo, mitu yokha ikuoneka pamwamba pa udzu.

"Nanga zaka zitatu zonsezi, Lachiwiri lililonse, mumayenda bwanji ndi anthuwa? Kuchoka ku Mbungo mpaka ku Khuyu, m'miyala muja?"

Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo mayiyo anamwetulira.

"Atate anu ankakoka ndodo pansi. Ankayenda patsogolo panga, ndodo ikukwekwereza kumbuyo, ine nkumatsata phokosolo. Pamwala ankagogoda kawiri. Anzathuwa ankawaseka kuti a Cyprian akalamba, ndodo yawalemera, akulima msewu. Iwo ankaseka nawo."

"Munawauza ndinu za maso?"

"Sitinakambepo, ngakhale tsiku limodzi. Anangoyamba kukoka ndodo."

Samson anayang'ana uku ndi uku. M'mphepete mwenimweni mwa njira munali nsungwi youma imene wina anagwetsa pamtolo wake. Anaitola osasuntha phazi, naithyola pabondo kuti ifupike. Anaigwira kumbuyo, mutu wake uli pansi, nayamba kuyenda. Nsungwiyo inalira kwee pamchenga. Anamva mapazi a mayiyo akunyamuka, poyamba mokayika, kenako mwachidaliro.

Patsogolo, pomwe njira inakwera pang'ono, a Jeremiah anacheuka kuti awerenge anthu awo. Anatchinga dzuwa ndi chipewa, nayang'anitsitsa, naseka mokweza.

"Taonani kuno, anzanga! Magazi sanama. Nayenso akulima msewu!"

Ena anacheuka naseka, mmodzi napukuta m'maso ndi nsalu. Samson anakweza dzanja lamanzere kuwauza kuti azipita. Atafika pamwala uja pomwe njira inkakhota, anagogoda kawiri.